Ku Lundazi Zipolopolo Sizinasanduke Madzi

Pali mawu amene aneneri a masiku ano amathawirako akapanikizidwa. Mukangofunsa kuti mayi uja anaimirira kutsogolo Lamulungu lathali n'kulengeza kuti kachilombo katha m'thupi mwake anakayezetsa kuti, nanga pepala lake lili kuti, yankho limabwera lophikaphika: za Mulungu siziyezedwa ndi makina a anthu. Mpingo umawomba m'manja, wofunsayo amatchedwa Tomasi Didimo, nkhani n'kuthera pomwepo. Khoswe wakhala pa mkhate, ndipo aliyense akuopa kuti akaponya mwala aswa dzina la Mulungu. Ine ndikuti nkhaniyi isathere pomwepo, ndipo ngati m'Zambia muno muli boma limene siliyenera kulola kuti izithera pomwepo, bomalo ndi Lundazi.

Mu Seputembala 1953, m'mudzi wa Kasomo ku Chinsali, mayi wina dzina lake Mulenga Lubusha anadwala mwakayakaya. Atatsitsimuka ananena kuti anali atafa, anakumana ndi Yesu, ndipo anabwezedwa kuti adzagwire ntchito pansi pano. Mbusa Fergus Macpherson wa pa mishoni ya Lubwa anamulandira bwino, ndipo pobatizidwa mayiyo anatchedwa Alice. Pomafika 1955 anali atasiyana ndi amishoni, dzina lake latsopano la Lenshina lili pakamwa pa aliyense kuyambira ku Kasama mpaka kuno. Anthu ankayenda wapansi masiku ambirimbiri, kuwoloka Luangwa, kukataya nyanga ndi zithumwa kwa iye. Mpingo wake wa Lumpa unaletsa ufiti, mowa ndi mitala, ndipo nyimbo zake zinkagwira mtima kuposa zomasulira za amishoni. Ku Lundazi kuno unazika mizu zedi. Amene analowa sanali zitsiru ayi. Anali agogo athu, alimi otopa ndi mantha a ufiti, amene anapeza mpingo wosawaseka akamanena zimene zimawasowetsa tulo.

Zinthu zinaipa ndale zitalowerera. A UNIP ankafuna kuti aliyense akhale ndi khadi la chipani, a Lumpa n'kumakana. Matchalitchi anatenthedwa, anthu anamenyedwa mbali zonse ziwiri, mpaka a Lumpa anasamuka m'midzi n'kukamanga malinga awoawo osapempha mafumu. Kumapeto kwa Julayi 1964 mfuti zinalira ku Chinsali. M'bandakucha wa pa 3 Ogasiti gulu lochokera ku linga la Chipoma linagwera boma la Lundazi, linalanda polisi, kenako linalowa m'midzi yozungulira ndi mikondo ndi nkhwangwa. Anthu oposa 100 anaphedwa. Tsiku lomwelo Kenneth Kaunda, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu, analetsa mpingowo, ndipo asilikali analunjika ku Chipoma. Patangopita masiku ochepa, ku Paishuko, anthu a m'midzi anabwezera mwankhanza zosaneneka n'kupha a Lumpa oposa 40, amayi ndi ana omwe. Lenshina anadzipereka pa 11 Ogasiti. Sanazengedwepo mlandu wa nkhondoyo m'khoti, ndipo anamwalirira ku Lusaka mu 1978 ali pa ukaidi wosachoka pakhomo. Chiwerengero cha boma chinati anthu oposa 700 anafa pa nkhondo yonseyo, pamene mbendera ya Zambia inali itatsala pang'ono kukwera pa 24 Okutobala.

Olemba mbiri ya nkhondoyi amabwereza chinthu chimodzi. Ambiri mwa a Lumpa ankathamangira mfuti za asilikali akufuula dzina la Yeriko, atakhulupirira kuti zipolopolo zisanduka madzi. Lenshina mwiniwake sanali ku Lundazi, ndipo ankakana kuti anatuma anthu kukapha. Koma mawuwo anayenda linga ndi linga, ndipo anthu anawayesa ndi zifuwa zawo.

Tsono taonani kuti apa pali zonena ziwiri zosiyana. Choyamba n'chakuti mayi wa ku Kasomo anakumana ndi Yesu ali chikomokere. Chimenecho palibe labotale, ya ku UTH kapena ya ku London, imene ingachitsimikize kapena kuchitsutsa. Dokotala angakuuzeni zimene zimachitika mu ubongo wa munthu amene wakomoka ndi malungo aakulu, koma sangakuuzeni ngati kumwamba kunatseguka. Wokhulupirira akhulupirire, wokayika akayike, palibe amene angagonjetse mnzake ndi maikulosikopu. Chachiwiri n'chakuti chipolopolo chikagunda chifuwa cha wokhulupirira chisanduka madzi. Chimenechi si nkhani yakumwamba. Ndi nkhani ya mtovu ndi mnofu, ndipo yankho lake ndi inde kapena ayi. Chinayesedwa ku Chipoma, yankho linali ayi. Chinali chitayesedwa kale ku Tanganyika mu 1905, pamene Kinjikitile Ngwale anagawa madzi amene ankati asungunula zipolopolo za Ajeremani, ndipo Angoni a ku Songea anali m'gulu la amene anakhulupirira. Pa nkhondo ya Maji Maji ndi njala imene inatsatira panafa anthu osachepera 75,000.

Sindikuti asilikali a mu 1964 anali asayansi, kapena kuti anachita bwino. Zimene zinachitikira a Lumpa ndi chilonda cha dziko lino, ndipo a chipani anali ndi mlandu wawo waukulu. Mfundo yanga ndi ina. Chozizwitsa chilichonse chimene chimalonjeza kusintha chinthu chooneka, magazi, fupa, chotupa, mtembo, chidzayesedwa basi, tifune tisafune. Tikakana kuchiyeza mu labotale, chimakayesedwa pa thupi la munthu wosauka, ndipo zotsatira zake timakazimvera kumanda pa mwambo wa maliro, pamene aliyense akunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu.

Amene amati kuyeza n'kusakhulupirira awerengenso buku limene amanyamula m'khwapalo. Eliya pa phiri la Karimeli sanauze anthu kuti angomukhulupirira. Anaitanitsa ng'ombe ziwiri za nsembe, anaika lamulo limodzi kwa onse, ndipo pa guwa lake anathirapo madzi mitsuko ndi mitsuko kuti pasapezeke wonena kuti anabisa khala la moto pansi pa nkhuni. Danieli ku Babulo anapempha kuti iye ndi anzake adye zamasamba masiku khumi, anyamata ena apitirize kudya za mfumu, kenako awayerekeze. Magulu awiri, nthawi yoikika, woweruza wapadera: ameneyo ndi kafukufuku ndithu. Yesu atachiritsa wakhate anamutuma kwa wansembe, amene malinga ndi malamulo a Mose ndiye ankayang'ana khungu n'kugamula ngati munthu wachiradi. Wochiritsa sanadzipatse yekha satifiketi. Nanga ndime imene amaikonda ija, yoletsa kuyesa Mulungu? Inanenedwa pamene Satana ankauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi poti angelo amuwakha. Woyesa Mulungu si amene wapempha pepala la kuchipatala. Woyesa Mulungu ndi amene akuuza munthu kuti ataye ma ARV m'chimbudzi, adumphe, angelo alipo. Mu 2021 nyuzipepala zinalemba za mnyamata wa zaka 22 wa mpingo wa Zion ku Chadiza, m'chigawo chathu chomwechino, amene anauza anzake kuti amukwirire wamoyo, adzauka. Pomufukula anali atauma kale.

Ndipo tisanamizane kuti kufuna umboni ndi khalidwe lachizungu. Makolo athu ankaufuna kwambiri, mpaka anali ndi muyeso wawo, mwavi. Woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa madzi a khungwa la mtengowo: akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti inalidi mfiti. Cholinga chinali chabwino, choti nkhani isagamulidwe ndi mphekesera. Koma muyesowo unali wovunda. Moyo kapena imfa zinkadalira mlingo wa poizoni, kakonzedwe kake, ndi mphamvu za thupi la womwayo, ndipo wosinja khungwa ankadziwa bwino amene akumusinjira, ankadziwanso amene mudzi ukumuda. Choipitsitsa n'chakuti mwavi sukanalephera. Munthu asanze, wanena zoona. Munthu afe, wanenanso zoona. Umu ndi mmene aneneri ambiri amakonzera zawo lero: ukachira ndi mphamvu ya munthu wa Mulungu, ukafa ndiye kuti chikhulupiriro chako chinali chochepa, kapena mbewu imene unafesa inali yaing'ono. Sayansi inangowonjezera zinthu ziwiri pa chilakolako chakale chofuna umboni. Woyeza asadziwe amene akumuyeza, ndipo tigwirizane tisanayambe kuti zikatuluka mwakutimwakuti ndiye kuti zalephera.

Kodi pemphero linayezedwapo motero? Inde. Mu 2006 Herbert Benson wa ku Harvard ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 1,802 amene anachitidwa opaleshoni ya mtima m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku America. Ndalama zake zinachokera ku Templeton Foundation, bungwe limene silidana ndi chipembedzo ngakhale pang'ono. Magulu a Akhristu ankapempherera odwala ena kwa masiku 14, ena osawapempherera, odwalawo osadziwa kuti ali mbali iti. Mwa opemphereredwa, 52 pa 100 alionse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Mwa osapemphereredwa, 51. Gulu lachitatu, limene linauzidwiratu kuti likupemphereredwa, linafika pa 59, mwina chifukwa cha nkhawa yoti kodi ndadwalika chotani kuti mpaka andiitanire opemphera. Kafukufukuyu sanatsimikize kuti kulibe Mulungu, ndipo wophunzira zaumulungu aliyense angayankhe kuti Mulungu salamulidwa ndi ndandanda ya mayina. Ndikuvomereza. Koma yankho limenelo lili ndi mtengo wake. Ngati Mulungu salamulidwa, ndiye kuti palibe munthu amene angalembe pa chikwangwani kuti Lachisanu lino, kuyambira 18 koloko, osabereka atenga mimba ndipo a shuga achira. Simungagulitse chinthu ngati chotsimikizika, kenako chikafunsidwa umboni n'kunena kuti n'chinsinsi cha Mulungu.

Mpingo wa Katolika, umene sitingaunene kuti sukhulupirira zozizwitsa, unazindikira izi kalekale. Ku Lourdes, ku France, kumene anthu miyandamiyanda amapita kukasamba madzi a pa kasupe, kuli ofesi ya madokotala kuyambira 1883. Munthu akati wachira amamufunsa mapepala osonyeza kuti ankadwaladi matenda aakulu, amafufuza ngati mankhwala amene ankalandira sangakhale ndiwo amuchiza, ndipo amadikira zaka kuti aone ngati matendawo sabwerera. Mwa anthu oposa 7,000 amene analembetsa kuti achira, mpingo wavomereza ongopitirira pang'ono 70. Ngakhale pamenepo madokotala sanena kuti ndi chozizwitsa. Iwo amangoti nzeru zachipatala za lero sizikutha kufotokoza, ndipo bishopu ndiye amanena zotsalazo. Wina angatsutse 70 amenewo, ndipo alipo amene amatsutsa. Koma yerekezani ndi tenti imodzi ya pa bwalo la mpira, imene usiku umodzi wokha imatulutsa ochira ochuluka kuposa amene Lourdes yavomereza pa zaka zoposa 140.

Nanga amene amaimirira n'kuchitira umboni, onse ndi abodza? Ayi, ambiri amanena zimene akukhulupirira ndi mtima wonse. Matenda ambiri amatha okha, ena monga nyamakazi, mphumu ndi khunyu amabwera n'kumapita, ndipo munthu amathamangira kwa mneneri pamene zafika poipa, nthawi imene kawirikawiri imatsatidwa ndi kupezako bwino. Nyimbo, khamu ndi chiyembekezo zimachepetsadi ululu kwa maola angapo, mwakuti agogo angathe kutaya ndodo pa nsanja n'kudzaifunanso m'mawa. Ambiri amapita konsekonse, kuchipatala m'mawa, ku mapemphero usiku, koma pa maikolofoni amatchula kumodzi. Ndipo amene sanachire saitanidwa kutsogolo. Akufa sachitira umboni pa wailesi.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna kuti aliyense womwa ma ARV aumvetse, chifukwa ukupha anthu mwakachetechete. Munthu akamamwa mankhwalawa mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake amalephera kukaona. Pepala limabwera lonena kuti sikakuoneka. Umenewu ndi uthenga wabwino kwambiri, pakuti munthu wotero amakhala wathanzi ndipo sapatsira mnzake pogonana. Koma kachilomboko sikanathe. Kabisala m'maselo ena a thupi mmene mankhwala sangakafafanize. Tsono munthu amatenga pepala lija kupita nalo kutchalitchi, mneneri amalikweza m'mwamba, ng'oma zimalira, munthu uja amasiya mankhwala. Pakangotha milungu yochepa kachilombo kamabwerera, ndipo kumwa modukizaduka kumatha kukapatsa mpata woti kasamamvenso mankhwala amene ankagwira ntchito. Ntchito anagwira ndi mapiritsi, ulemu watenga ndi mneneri, maliro adzalira ndi ana.

Takhala tikuziona zimenezi. Mu 1995 Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga, ku Malawi, ananena kuti analota mankhwala a Edzi, ndipo anthu pafupifupi 300,000 anakhamukira kumudzi kwake kukamwa mankhwalawo, otchedwa mchape. Bamboyo sankalipiritsa, ndipo panthawiyo ma ARV kunalibe kwa munthu wamba, choncho sindingaweruze aliyense amene anakwera lole. Koma maliro sanachepe. Anadzayamba kuchepa ma ARV aulere atafika m'zipatala za ku Malawi ndi kuno cha m'ma 2004 ndi 2005. Ku Gambia, mu Januwale 2007, pulezidenti Yahya Jammeh analengeza kuti amachiza Edzi ndi zitsamba ndi mapemphero, odwala n'kuwasiyitsa mankhwala. Fadzai Gwaradzimba, mayi wa ku Zimbabwe amene ankaimira United Nations m'dzikomo, atachenjeza za kuopsa kwake anathamangitsidwa. Jammeh atachoka pampando, opulumuka anafotokozera komiti yofufuza za ulamuliro wake mmene anzawo anafera.

Ophunzira amene akugwedeza mitu mokondwa powerenga izi asafulumire. Munthu wa ku Chitungulu, kwa Kazembe kapena kwa Mwanya, kuchigwa kumene msewu umaduka mvula ikagwa, sapita kwa mneneri chifukwa chodana ndi sayansi. Amapita chifukwa mneneri ali pafupi, amamutchula dzina, amamugwira pamutu, ndipo sanena kuti bwerani mawa. Kumuseka munthu ameneyu tili m'maofesi a ku Chipata ndi ku Lusaka ndi ulesi. Ndiponso sayansi ili ndi malire ake enieni. Singakuuzeni chifukwa chake mwana wanu ndiye anadwala osati wa mnzanu, singakutonthozeni pa siwa, ndipo wasayansi amene amati makina ake atsimikiza kuti kulibe Mulungu walumpha mpanda mofanana ndi mneneri amene amati mafuta ake amachiza khansa. Masisitere ndi amishoni amene anamanga zipatala ngati cha Lumezi ankapemphera m'mawa, kenako n'kukayang'ana magazi pa maikulosikopu, ndipo sankaona kuti zikutsutsana. Namwino amene amayamba ntchito ndi pemphero koma osaiwala kuyeza malungo asanapereke Coartem ndi Mkhristu wokhwima kuposa wogulitsa madzi odalitsidwa m'mabotolo.

Chimene chikusowa ndi kulimba mtima kwa amene ali ndi mphamvu. Dziko lino linalengezedwa kukhala lachikhristu ndi Frederick Chiluba mu Disembala 1991, ndipo chiyambire pamenepo andale amaopa aneneri ngati mmene amaopera chisankho. Ku South Africa khoti linapeza mneneri Lethebo Rabalago wolakwa mu 2018 chifukwa chopopera anthu mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso ponena kuti akuwachiritsa. Mu 2019, mbusa Alph Lukau ataonetsa kanema wa munthu akudzuka m'bokosi ku Johannesburg, amene anafuula msanga kuti pachitika chinyengo anali eni makampani a maliro amene galimoto ndi zizindikiro zawo zinagwiritsidwa ntchito. Zimandimvetsa chisoni kuti ogulitsa mabokosi anateteza choonadi mwachangu kuposa abusa. Kuno tili ndi mabungwe akuluakulu a mipingo, Council of Churches in Zambia, Evangelical Fellowship of Zambia ndi msonkhano wa mabishopu a Katolika. Tili ndi mafumu, a Mwase, a Magodi, a Mphamba, a Kapichila, amene munthu sangakhome tenti m'dera lawo iwo osadziwa. Tili ndi mawailesi a m'madera amene amagulitsa nthawi kwa aliyense wobwera ndi ndalama. Onsewa angathe kugwirizana pa lamulo losavuta, lomwe silitseka pakamwa pa wolalikira aliyense. Lalikirani za kumwamba mmene mungathere, pemphererani odwala usiku wonse. Koma mukafuna kulengeza pagulu kuti wakuti wachira HIV, khansa, shuga kapena TB, bweretsani pepala la matenda asanapemphereredwe, pepala la pambuyo pake lochokera ku labotale imene si yanu, ndipo munthuyo tidzamuonenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Wouza wodwala kuti asiye mankhwala, munthuyo n'kufa, akayankhe kupolisi ngati wina aliyense amene wachititsa imfa.

Mneneri woona sangataye kanthu pa lamulo limeneli, ndipo ndi iye amene angapindule kwambiri, chifukwa wochira mmodzi wotsimikizika ndi madokotala angadzaze tchalitchi chake kuposa zikwangwani zonse za mumsewu wa Chipata. Ngati alipo amene akuti mphamvuyo ali nayo, pa chipatala cha boma la Lundazi pali mawodi a abambo, amayi ndi ana, odwala ake ali ndi mafayilo olembedwa kale, ndipo nthawi yoonera odwala imadziwika. Apite kumeneko opanda kamera, opanda mbale ya chopereka, ndipo a kuchipatala atiuze Lolemba kuti mabedi angati atsala opanda anthu.